Mphindi Zitatu za Mayi Ketulo

Pa fakitale yolongedza tiyi, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi mlembi wa ku ofesi yekha. Ena onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka oyendetsa malole, ankangoti Mayi Ketulo, ndipo iwo ankayankha. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wa zala zodzaza ndi tizipsera ta nthunzi. Ntchito yawo inali m'chipinda cholawira tiyi, chipinda chachitali cha matailosi oyera, chokhala ndi tebulo lamwala kuchokera pakhomo mpaka pawindo.

Tiyi aliyense asanalowe m'mapaketi, ankayamba wadutsa patebulo limenelo. Mayi Ketulo ankayeza masamba pa kasikelo, kuwaika m'makapu a zivundikiro, kuthira madzi ongowira kumene, kenaka kutchera wotchi. Mphindi sikisi, osapitirira, osaperewera. Wotchi ikalira, ankatsanulira tiyi m'timbale toyera, n'kubwerera kukaima kukhoma, manja kumbuyo. Apo mpamene ankalowa olawa, azibambo atatu a majasi oyera, aliyense ndi supuni yake. Ankatunga, kukoka tiyiyo ndi phokoso loti fwuuu, kumuzunguza m'kamwa maso ali kudenga, kenaka tho! m'chidebe chachitsulo. Mkulu wawo anali bambo wa imvi amene antchito ankamutchula kuti a Chimphuno akakhala kuti palibe, poti ankanunkhiza chilichonse, ngakhale kalata.

Chipindacho chinali ndi malamulo ake. Wolawa sadzola mafuta onunkhira, sasamba sopo wa fungo, sadya tsabola kapena anyezi m'mawa wa tsiku la ntchito. Madzi sawira kawiri. Malamulo a pakamwa sanali okhudza wowiritsa madzi, koma Mayi Ketulo ankawasunga onse kuposa eni ake. Amuna awo, amene ankakonza njinga pamsika, ankawaseka.

"Mkazi wanga, ndiwo zopanda tsabolazi tikuvutikira chiyani? Kodi wokalawa ndiwe?"

"Idyani, bambo, tsabola ali pashelefu apo. Manja muli nawo."

Chimene sankawauza n'chakuti ankalawadi. Olawa aja akatuluka, iwo ankakankha chitseko ndi phazi, kusolola supuni yawoyawo m'thumba la epuloni, n'kuyenda ndi mzere wonse wa timbale asanataye. Anali atamva zimene a Chimphuno anena pa kambale kalikonse, ndiye ankafufuza mawuwo ndi lilime mpaka kuwapeza. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anafika podziwa tiyi wokolola nthawi ya mvula ndi wa chilimwe, wopsa pouma ndi wogona pachinyontho. Masiku ena ankatsutsana ndi a Chimphuno chamumtima, ndipo pakapita milungu, a Chimphuno ankasintha maganizo okha. Iwo ankangomwetulira ali pasinki. Kukhoza kwa munthu wotsuka makapu kumathera pasinki pomwepo.

Anali ndi mng'ono wawo, wotsiriza m'mimba mwa mayi awo, yemwe banja lonse linkamuitana kuti Chitsiriza. Mayi awo anamwalira mwanayo akukwawa, ndipo Mayi Ketulo anasiya sukulu asanamalize pulaimale kuti amubereke kumsana. Atakwatiwa anapita naye. Anamulera, anamuphunzitsa mpaka sekondale, ndipo atamaliza n'kusowa chochita, anakamupemphera ntchito kwa kapitawo wa mbali yolongedza, kumene atsikana amakhala tsiku lonse akumata mapaketi. Lamlungu m'mawa, kukhitchini kwawo, ankandanda makapu atatu kapena anayi n'kumuitana.

"Bwera kuno, iwe. Lawa uyu. Wamva chiyani?"

"Akuwawa, achemwali."

"Kuwawa n'kwa mitundumitundu, usamayankhe ngati mwana wa mkaka. Akuwawa pati?"

"M'masayamu. Akumanga m'kamwa."

"Eya. Ameneyo wakhalitsa m'madzi. Masamba alibe mlandu. Lawa winayu."

Ankachita izi chifukwa chinthu ukachidziwa wekha chimakuyabwa. Sanaganizepo kuti akusula munthu.

Ndiye mmodzi wa olawa aja anapuma pantchito. Pabolodi la pafupi ndi geti panamatidwa pepala: akufuna wophunzira ntchito yolawa, wokhala ndi satifiketi ya sekondale. Mayi Ketulo analiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, ndipo atafika pa mawu oti satifiketi anachotsa chalacho ngati agwira ketulo yotentha. Chitsiriza analembera. Anamutenga kuti aphunzire miyezi itatu, pamapeto pake ayesedwe.

Tsiku limene anabwera ndi jasi loyera m'pepala la pulasitiki, Mayi Ketulo analuluta, anamukumbatira, anaitana ndi aneba omwe. Chimwemwecho chinali chenicheni, koma pansi pake panali kanthu kena kozizira, kamene kanayamba kukula kuyambira m'mawa wotsatira.

Poti taganizani. Munthu amene unamupukuta mamina, lero walowa pakhomo limene iwe unalitsegula kwa zaka zonsezi, wavala jasi, watenga supuni poyera. Iwe waima kukhoma, manja kumbuyo. Iye akoka fwuuu, alavula m'chidebe, ndipo akatuluka, wokanyamula chidebecho kukataya ndiwe. Malovu a azibambo aja Mayi Ketulo anawataya zaka makumi awiri ndi ziwiri osamva kanthu. A mng'ono wawo ankawalemera ngati chidebe cha miyala.

Azimayi a mbali yolongedza nawo sanagone.

"Mayi Ketulo, mwadzuka bwanji? Nanga abwana anu aang'ono adzuka bwanji?"

"Adzuka, kawafunseni nokha."

"Koma ndiye mwalera bwino. Tsopano muziwati madamu, eti?"

Iwo ankaseka nawo, mano okha. Koma chimene chinkawadya kwambiri sichinali chipongwe cha azimayiwo. Chinali cha m'chipinda muja. A Chimphuno ankaloza kambale n'kufunsa wophunzirayo, ndipo Chitsiriza ankayankha ndi mawu a kukhitchini kuja, mawu a Lamlungu m'mawa, osasintha ngakhale limodzi. A Chimphuno ankagwedeza mutu n'kutembenukira mnzawo.

"Mwamumva? Mwana uyu lilime anabadwa nalo. Izi sizophunzitsa ayi."

Chitsiriza ankangoyang'ana pansi mwamanyazi, kumwetulira. Sananenepo kuti, bwana, amene anandiphunzitsa ndi awo aima kukhomawo. Mwina ankaopa kuwaulula kuti amalawa mobisa. Mwina kuyamikiridwa kunkamukomera. Mayi Ketulo anasankha kukhulupirira chachiwiricho, ndipo tsiku lililonse ankachitembenuza mumtima ngati munthu wokanda chilonda. Kunyumba anayamba kuyankha mwachidule. Makapu a Lamlungu anatha. Jasi lija likayanikidwa pachingwe, ankadutsa cha patali, ngati lingawalume.

Mayeso anali pa tiyi amene fakitaleyo inkadziwika naye, tiyi wa m'mawa, wakuda bii, wamphamvu, woti ngakhale umuthire mkaka sagonja. Ankapangidwa posakaniza masamba a mitundu itatu: woyamba wopatsa mtundu, wachiwiri wopatsa mphamvu, wachitatu wa kafungo. Muyezo wake unkasintha chaka ndi chaka chifukwa masamba safanana, choncho panalibe pepala loti munthu n'kukopera. Panali chitini chimodzi chokha mu kabati ya a Chimphuno, cha tiyi amene onse anavomereza kuti ndiye weniweni. Wophunzira ankayenera kusakaniza wakewake kuti afanane ndi wa m'chitinicho. Akafanana, jasi ndi lake. Akalephera, abwerera kukamata mapaketi, ndipo malowo apatsidwa munthu wakunja.

Chitsiriza anasakaniza kwa masiku anayi. M'mawa wa mayeso akuyenda limodzi kuchokera pa siteji ya minibasi, Chitsiriza ankangopotokola lamba wa chikwama. Atayandikira geti anagwira mkono wa mkulu wake.

"Achemwali, lero muonetsetse madzi asawire kawiri. Komanso makapu muwatsukuluze bwino, pasakhale fungo la sopo."

Mayi Ketulo anaima.

"Ukundiuza ine?"

"Ayi, ndangoti ndikukumbutseni. Mantha, achemwali."

"Zikomo, madamu. Ndamva."

Analowa pageti osayankha moni wa mlonda. M'makutu mwawo munkangolira mawu amodzi: muonetsetse. Mwana wa dzulodzuloli, kuwauza iwo za madzi! Iwo amene anamuuza koyamba kuti madzi owira kawiri amapha tiyi!

M'chipinda muja munali makapu awiri okha tsiku limenelo, ya m'chitini ndi ya Chitsiriza. Mayi Ketulo anayeza masamba bwinobwino. Ketulo inayamba kulira. A Chimphuno, mnzawo uja, ndi Chitsiriza anali kuwindo, atapereka misana, akupenda masamba ouma pa pepala loyera. Mayi Ketulo anathira madzi mu kapu ya mng'ono wawo n'kuvundikira. Kenaka, m'malo mothira inayo, anabwezera ketulo pamalo pake, anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi imodzi. Mumtima ankati, ndingomuonetsa pang'ono kuti kuno kuli eni ake. Ziwiri. Zitatu. Anathira kapu ya m'chitini, anatchera wotchi ya patebulo mphindi sikisi, n'kuitsitsa mwaphokoso kuti onse amve.

Wotchi italira anatsanula timbale tiwiri n'kubwerera kukhoma.

A Chimphuno anayamba ndi ka m'chitini. Fwuuu, tho. Anagwedeza mutu. Anatsukuluza supuni, anatunga ka Chitsiriza. Fwuuu. Nkhope inakwinyika ngati aluma ndimu. Analavula, analawanso, analavulanso. Mnzawo uja analawa n'kupukusa mutu asanalavule n'komwe.

"Talawa wekha, mwana wanga," anatero a Chimphuno. "Undiuze chachitika n'chiyani."

Chitsiriza anatunga. Anausunga m'kamwa nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atalavula sanayang'ane a Chimphuno. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso ake anapeza a mkulu wake kukhoma kuja. Sanali maso a mkwiyo. Anali maso a mwana amene wamenyedwa ndi munthu amene amathawirako akamenyedwa. Anadziwa. Akanalephera bwanji, poti kukoma kumeneko anakuphunzira kukhitchini kwawo?

Mayi Ketulo anadikira kuti awatchule. Anali atakonzeka kukana, mawu anali kale pamlomo.

"Ndachulutsa wachiwiri, bwana," anatero Chitsiriza, mawu ali pansi. "Ndimafuna mphamvu, ndapyola muyezo. Kulakwa n'kwanga."

"Ndimaganiza choncho," anatero mnzawo wa a Chimphuno mofulumira. "Wachiwiri wachuluka, zikuchita kumveka."

A Chimphuno anakanda chibwano. Anayang'ana kambale, anayang'ana mtsikanayo. Kuwotchi sanayang'aneko, ngakhale kukhoma. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mphindi sikisi za Mayi Ketulo zinali ngati kutuluka kwa dzuwa, chinthu chosafunsa. Munthu wa lilime lakuthwa chotero anakhulupirira bodza chifukwa m'mutu mwake munalibe malo oganizira kuti wowiritsa madzi angalakwitse.

"Zachisoni," anatero, akutsegula buku lawo. "Unayamba bwino. Koma uyu sitingamutumize kwa anthu. Ukamaliza apa usiye jasi ku ofesi."

Chitsiriza anayamba kumasula batani loyamba.

Zimene zinawira mwa Mayi Ketulo pa nthawi imeneyo sizinali zoyera zokhazokha. Manyazi analipo, chisoni chinalipo, poona zala zija zikulimbana ndi batani. Koma panalinso ukali. Azibambo awiri a majasi, a malipiro awo ndi maofesi awo, akunamizira masamba osalakwa! Ndiponso mwana uyu, ngakhale pogwa, wagwa mowaposa: wawatchinjiriza, wawasandutsa munthu womveredwa chisoni. Zimenezo ndiye sakanatha kuzimeza.

"Si wachiwiri ayi."

Onse atatu anatembenuka. M'chipinda chimenecho mawu a Mayi Ketulo ankamveka pokhapokha poyankha moni.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Ndati si wachiwiri, bwana. Lawaninso. Wachiwiri akachuluka amalemera kumbuyo kwa lilime, ndipo mukalavula amatsala pakhosi. Uyu akumanga m'masaya. Wakhalitsa m'madzi. Mphindi naini."

"Naini? Wotchi yalira tonse tikumva."

"Kapu yakeyo ndinayamba kuthira ndisanatchere wotchi."

"Mwangozi?"

Akanatha kuvomera. A Chimphuno anawapatsa khomo lotulukira, lotsegula bwino.

"Ayi, bwana. Dala."

Kunja makina omata mapaketi ankangogunda. A Chimphuno anatunganso, anazunguza m'kamwa, ndipo anaoneka akukankha tsaya ndi lilime. Analavula pang'onopang'ono.

"M'masaya," anatero. Anayang'ana Mayi Ketulo ngati akuwaona koyamba. "Nanga inu za kumbuyo kwa lilime mukuzidziwa bwanji?"

"Ndakhala ndikulawa timbale tanu musanandiuze kuti nditaye."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka chimene munameta ndevu zija."

Mnzawo uja anatsokomola. A Chimphuno sanaseke.

"Zaka zonsezi osanena?"

"Munandifunsapo?"

A Chimphuno anatseka buku. Analamula kuti tiyi apangidwenso, koma Mayi Ketulo asakhudze kanthu. Mnzawo uja ndiye anagwira ketulo, anadzithira madzi otentha pa nsapato, anavutika kupeza potcherera wotchi. Mayi Ketulo anaima kukhoma akuona munthu wina akugwira zinthu zawo ngati wakhungu, ndipo zinawapweteka kuposa mmene ankayembekezera. Mphindi sikisi zinatha. A Chimphuno analawa kambale aka, analawa ako, anabwerezanso, anathira kamkaka m'tonse tiwiri n'kuyang'ana mtundu pawindo.

"Mangira batani lako," anauza Chitsiriza. "Ndi mapasa awa."

Masana omwewo Mayi Ketulo anaitanidwa ku ofesi. A Chimphuno analankhula mosakweza mawu. Anati lilime lawo alimva, ndipo n'lachilendo. Koma chipinda chija chimayenda ndi chinthu chimodzi, kukhulupirira dzanja la wothira madzi. Dzanja limenelo likanama kamodzi, wolawa aliyense azikayika kambale kalikonse mpaka kalekale. Sanawachotse ntchito, poganizira zaka zawo. Anawatumiza ku kantini ya antchito.

Ku kantini tiyi amaphikidwa mu chim'phika chachikulu, amawira kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo anthu amathira masupuni anayi a shuga asanalawe n'komwe. Sabata yoyamba Mayi Ketulo anayesa kukonza zinthu, kuchepetsa nthawi, kusintha madzi. Woyendetsa lole wina anabweza kapu.

"Mayi, tiyi wa lero wadwala? Tipatseni uja wakale, womata milomo."

Anasiya. Kunyumba iwo ndi Chitsiriza ankapatsana moni ngati anthu obwereka nyumba imodzi. Amuna awo anayesa kamodzi kuwakhazika pansi, koma ataona nkhope ziwirizo anakumbukira kuti ali ndi njinga ya munthu yofunika kukonza.

Panapita milungu isanu. Tsiku lina cha m'ma leveni, mu kantini mulibe anthu, chitseko chinatseguka ndipo panalowa jasi loyera. Chitsiriza ananyamula kambale kovundikira ndi sosala, akuyenda pang'onopang'ono kuti asataye. Anakaika pa kauntala.

"Achemwali."

"Tiyi wa antchito watha, madamu. Mubwere wani koloko."

"Musandivute, achemwali, ndathawa pang'ono chabe. Kwabwera matumba atsopano a wachitatu. Abwana akuti ali bwino, anzawo akuti ali bwino. Ine pali chimene chikundikayikitsa, koma sindikuchigwira."

"Lilime lobadwa nalo lija lapita kuti?"

Chitsiriza anakankhira kambale kaja kufupi nawo. Mayi Ketulo anapitiriza kupukuta makapu. Anapukuta yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Nthunzi inkatuluka m'mbali mwa sosala, ndipo fungo lake linawapeza pamene anali. Anaponya kansalu paphewa.

"Wathira madzi ndani?"

"Ndathira ndekha. Sikisi ndendende."

Mayi Ketulo anatenga supuni ya kantini, anaitsukuluza kawiri ndi madzi otentha, anavundukula. Fwuuu. Anatseka maso. Analavulira musinki, anatunganso.

"Thumba linagona pachinyontho. Osati onse, mwina limodzi kapena awiri a pansi. Kali kumapeto kwenikweni, ukalavula n'kupuma ndi mphuno. Kafungo ka nsalu yosauma."

Chitsiriza analawa ndi supuni yomweyo, anapuma ndi mphuno, maso anatseguka.

"Ndi kameneka! Ndimakamva koma ndimasowa dzina lake."

"Pita ukawauze atsegule a pansi asanasakanize."

Chitsiriza ananyamula kambale, anafika pakhomo, anaima.

"Ndikanene kuti mwapeza ndinu?"

Mayi Ketulo anatsegula pakamwa kuti anene kuti zilibe kanthu, koma mawuwo anakana kutuluka, chifukwa zinali ndi kanthu.

"Ukanene," anatero. "Ukanenenso mokweza, bambo ajawo makutu ayamba kuvuta."

Anamuyang'ana pawindo akudutsa pabwalo pakati pa malole, jasi likuwala padzuwa, alonda akumupatsa njira. Linkamukhala bwino, mwana wa mayi awo, ndipo zimenezo zinawawawabe pamalo pomwe paja. Kumbuyo kwawo munthu anagogoda kauntala ndi kapu.

"Mayi Ketulo, shuga watha muno!"

"Ndamva, bambo, simukuitana ng'ombe," anatero, n'kupita kukatsegula kabati.